Bungwe likufuna kugwirizana ndi gulu lathu la amayi ku Chawama pa za matenda a maganizo: tivomere pa mfundo ziti?

Wapampando wa gulu la amayi, Chawama

Moni kwa nonse, makamaka inu amene mwagwirapo ntchito ndi mabungwe omwe si aboma m'makomboni a Lusaka. Ine ndine wapampando wa gulu la amayi losunga ndi kubwereketsana ndalama kuno ku Chawama. Linayamba ngati chilimba cha amayi a mpingo umodzi, koma lero muli amayi a mipingo yosiyanasiyana, ndipo ambiri timadya pogulitsa tomato, malasha, salaula ndi vitumbuwa pamsika kapena m'mbali mwa msewu.

Kuchokera pa mliri wa kolera wa kumayambiriro kwa 2024, umene unachititsa kuti bwalo la Heroes lisanduke chipatala, kenako chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February chaka chomwecho, ndi kuzimazima kwa magetsi kumene kunatsatira, zinthu m'gulu mwathu sizinabwererenso m'malo. Amayi ena amene kale sankaphonya tsiku lobweza ngongole anayamba kusowa pamsonkhano, ndipo titawatsatira kunyumba tinapeza kuti vuto silinali malonda okha. Wina tinamupeza atagona masana, osasamba, ana osawaphikira, akungonena kuti alibe mphamvu. Wina sapeza tulo chifukwa cha maganizo a lendi. Wina amuna ake ntchito inawathera pamalo owotcherera zitsulo magetsi atayamba kuvuta, ndipo tsopano amayamba kachasu m'mawa nadzabwera usiku ndi nkhonya. Palinso amene anakatenga ndalama ya kaloba kuti abweze ya m'gulu poopa manyazi, ndipo uyu ndiye watiopsa kwambiri, pakuti anauza mnzake kuti kuli bwino kufa.

Tsopano kwabwera bungwe lina lomwe si laboma. Likufuna kuphunzitsa amayi athu angapo kuti azitsogolera timagulu tokambirana za nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo likuti likugwira ntchito limodzi ndi bungwe linanso limene lidzapereka kampamba kwa mabanja osaukitsitsa. Kwa ife akupempha mayina a amayi, malo okumanirako ndi anthu odzipereka. Amayi ambiri akukayika, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa zaka zapitazo kunabwera bungwe lina limene linalemba mayina ndi manambala a reji, linatijambula zithunzi, kenako silinaonekenso.

Ndikupempha nzeru. Kodi nkoyenera kuti mayi wogulitsa tomato, amene sanaphunzire za chipatala, azithandiza anzake ovutika maganizo, kapena tidzangowonjezera mavuto? Nanga pa banja limene likugona ndi njala, choyamba nchiyani, mpamba kapena uphungu? Chachikulu koposa, tilembe zotani m'pangano lathu ndi bungweli kuti ntchito isadzafe tsiku limene ndalama zawo zidzathe?

Namwino wa matenda a maganizo, Matero

Amayi apampando, zikomo pobweretsa nkhaniyi poyera. Ndiyambe ndi mayi uja ananena za imfa, chifukwa iye sangadikire pangano. Mupite naye kuchipatala lero kapena mawa, inu kapena mnzake amene amamukhulupirira, ndipo mukafika mukanene mawu enieni amene anayankhula, osachita kuwazungulira. Kunyumba achibale achotse mankhwala a makoswe, mankhwala opopera ndiwo zamasamba ndi mapilisi alionse osungidwa ambiri, ndipo asamusiye yekha nthawi yaitali. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo ayi. Kawirikawiri munthu amapepukidwa mtima kuti wina wafunsa. Nambala ya Lifeline, 933, ndi ya ana ya Childline, 116, ndi zaulere, ndipo ndi bwino mayi aliyense m'gulu akhale nazo m'foni.

Pa funso loti mayi wamba angathe kuthandiza, yankho langa ndi inde, ndipo si maganizo anga okha. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa kiliniki, kumvetsera munthu, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi ndi njira yolithetsera. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti othandizidwa motero anapeza bwino kuposa amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Bungwe la StrongMinds, limene linayambira ntchito ku Uganda, linafika ku Zambia mu 2019 ndi njira ya timagulu tokumana kamodzi pa sabata kwa masabata angapo, kukambirana za maliro, mikangano, kusintha kwa moyo ndi kusungulumwa. Ndipo mu Lusaka momwemuno, ofufuza a yunivesite ya Johns Hopkins pamodzi ndi bungwe la SHARPZ anayesa njira ya uphungu yotchedwa CETA m'makomboni atatu, pa mabanja amene mwamuna amamwa mopitirira ndi kumenya mkazi. Alangizi ake anali anthu wamba ophunzitsidwa, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinasonyeza kuti nkhanza ndi uchidakwa zinachepa.

Koma m'ntchito zonsezi muli chinthu chimene mabungwe ofulumira amachisiya, ndicho woyang'anira. Mlangizi wa m'komboni samusiya yekha akamaliza maphunziro a masiku ochepa. Amakumana kawirikawiri ndi munthu wodziwa ntchito, namufotokozera za anthu amene akumulemera, ndipo amadziwa pamene nzeru zake zalekezera. Munthu amene akumva mawu amene ena sakuwamva, amene wasiya kugona masiku angapo akungoyankhula ndi kuyendayenda, mayi amene wasokonezeka atangobereka, wodwala khunyu, womwa mowa amene akunjenjemera ndi kuona zinthu atausiya mwadzidzidzi, onsewa si a kagulu kokambirana, ndi a kuchipatala. Anthu ambiri akamva zimenezi amangoganiza za Chainama, ndipo dzinalo lokha limawabweza m'mbuyo. Chipatala cha Chainama, chimene chinatsegulidwa mu 1962, ndi cha amene adwala kwambiri. Poyambira ndi pakiliniki ya kwanuko kapena zipatala za Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi komboni ya Chipata. Lamulo la matenda a maganizo la 2019, limene linalowa m'malo mwa lija la atsamunda la 1949, likufuna kuti wodwala azithandizidwa mwaulemu ndiponso pafupi ndi kwawo. Choncho funsani bungwelo kuti woyang'anira ndani, anaphunzira zotani, azibwera kangati pa mwezi, ndipo kalata yotumizira wodwala izipita kwa yani. Akalephera kuyankha momveka, musayambe.

Ndiwonjezere kanthu kamene ndakaona m'magulu onga lanu. Msungichuma, mlembi ndi aliyense wolondola ngongole asatsogolere kagulu kokambirana, ngakhale atakhala mayi wachifundo chotani. Mayi sangaulule kuti amuna ake anamulanda mpamba kwa munthu amene Loweruka adzamufunsa chiwongoladzanja. Zokambidwa m'kagulu nazo zisatuluke, pakuti nkhani imodzi ikangomveka pampopi wa madzi, amayi ena onse adzatseka pakamwa, ndipo sadzabweranso.

Wogwirapo ntchito m'mabungwe, Kabwata

Amayi, ine ndagwira ntchito zaka zambiri kumbali inayo, kumene kumalembedwa mapulojekiti ndi malipoti, choncho ndiyankha za pangano. Dziwani poyamba kuti simukupemphetsa. Bungwelo silingalowe m'nyumba za ku Chawama popanda inu, ndipo chikhulupiriro chimene amayi ali nacho pa gulu lanu ndicho chuma chimene mukubweretsa pa mgwirizanowu. Muli ndi mphamvu yofunsa mafunso ovuta ndi kudikira mayankho olembedwa.

Pemphani kuona satifiketi yosonyeza kuti linalembetsedwa ku boma, ndiponso kalata ya ofesi ya zaumoyo ya distirikiti ya Lusaka yolilola kugwira ntchitoyi m'dera lanu. Kalata yachiwiriyi musaipeputse, pakuti ndiyo idzachititsa kuti asisita a pakiliniki alandire wodwala wochokera kwa alangizi anu monga wotumizidwa, osati monga munthu wongobwera yekha. Ku msonkhano woyamba muitane a komiti ya zaumoyo ya m'dera (Neighbourhood Health Committee) ndi a CWAC, komiti ya m'dera yoona za thandizo la boma kwa ovutika, kuti amve ndi makutu awo zimene zikulonjezedwa.

Funsani tsiku limene ndalama za pulojekiti zikutha, ndipo lilembedwe m'panganomo. Tonse tinaona mu January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, momwe ntchito zambiri za zaumoyo m'dziko muno zinaimira mwadzidzidzi, ngakhale za mabungwe amene ankagwira ntchito mokhulupirika. Bungwe loona mtima silingalonjeze kuti ndalama sizidzatha, koma lingathe kulonjeza zimene lidzasiya: mabuku ophunzitsira olembedwa m'chinenero chathu akhale a gulu, alangizi alandire mapepala osonyeza zimene anaphunzira, munthu mmodzi wa pakiliniki aphunzire nawo kuti adzapitirize kuyang'anira, ndipo kagulu kamene kayamba kale kukumana kadzamalize masabata ake zivute zitani. Kutsegula chilonda cha mumtima mwa munthu nkumusiya pakati nkoipa kuposa kusayamba.

Za odzipereka, mayi amene wasiya thebulo lake la tomato masana awiri pa sabata wataya ndalama yeniyeni ya ndiwo za ana ake. Pangano linene chimene adzalandira, kaya ndi ya basi, ya foni kapena kangachepe ka pamwezi, ndi tsiku lolandirira. Ndaona alangizi aluso akusiya ntchito, osati chifukwa chotopa ndi odwala, koma chifukwa chodikira tindalama timeneti miyezi ingapo. Buku la mayina a gulu musapereke. Lamulo la Data Protection la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu pakati pa zinsinsi zofuna chitetezo chapadera, ndipo mayi aliyense ayenera kuvomera yekha atauzidwa kumene dzina lake likupita. Chithunzi cha kagulu ka amayi okhumudwa sichiyenera kudzapezeka pa Facebook pamene apongozi ndi eni nyumba angachione.

Pa mpamba ndi uphungu, zipata zikhale ziwiri. Zikangomveka kuti mpamba ukupita kwa amene apezeka ndi matenda okhumudwa, posakhalitsa aliyense adzadziwa mayankho oyenera pa pepala la mafunso lofufuzira matendawa, ndipo sindingawaimbe mlandu; koma odwala enieni, amene alibe ndi mphamvu yomwe yodzuka kukaima pamzere, ndiwo adzatsalira. Wosauka asankhidwe chifukwa cha umphawi wake, wodwala athandizidwe chifukwa cha kudwala kwake, ndipo amene wapanikizidwa ndi zonse ziwiri alandire zonse ziwiri. Mabungwe awiriwo asaine pepala limodzi inu mulipo, chifukwa lonjezo la mpamba limene mwalimva pakamwa pa bungwe limene silisunga ndalamazo silimanga munthu.

Musaiwalenso kuti boma lili ndi zake zimene sizitha ndi pulojekiti. Ndalama ya boma yothandiza mabanja ovutika, ya Social Cash Transfer, imene inayambira ku Kalomo mu 2003, imafika kwa okalamba, olumala kwambiri, odwala matenda osachiritsika, ana olera anzawo ndi amayi olera okha ana atatu kapena kuposerapo, ndipo mayina amadzera kwa a CWAC. Ndalama za boma zotukulira madera, za CDF, zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo muli gawo la magulu a amayi ndi achinyamata lopemphedwa kudzera ku komiti ya chitukuko ya wadi (Ward Development Committee). Kumeneko amafuna gulu lolembetsedwa ndiponso lokhala ndi akaunti ku banki. Ngati lanu silinalembetsedwe, pempho lanu loyamba kwa bungwelo likhale loti likuthandizeni kulemba malamulo a gulu ndi kulembetsa.

Mkulu wa mpingo, Kanyama

Asisita ndi abambo a ku Kabwata ayankhula bwino, koma pa funso lachiwiri ndikufuna kunena mosapsatira kuti pa banja limene lagona ndi njala, chakudya ndicho chiyambe. A bungwe la Akatolika la JCTR amawerengera mwezi uliwonse mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, ndipo mu 2024 unadutsa K10,000, pamene mayi wogulitsa vitumbuwa amagula ufa wa pamela wa tsiku limodzi lokha. Kuno ku Kanyama mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba, zimbudzi zimasefukira, ndipo mayi amachezera atanyamula mwana pamiyendo. Woteroyo akapanda kugona sikuti nthawi zonse akudwala. Nthawi zambiri akuona bwinobwino mmene zinthu zilili. Ndikuopa kuti tingayambe kutcha umphawi matenda, ndi kumupatsa munthu mawu otonthoza pamene akufunika thumba la ufa ndi ndalama ya lendi.

Chinanso ndi abambo. Mapulojekiti ambiri amaitana amayi okha, pamene gwero la misozi ya amayi ambiri lili kunyumba. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, tinaletsedwa mu 2012, koma mowa waukali wotchipa sunachoke m'makomboni, ndipo mwamuna amene ntchito yamuthera amabisa manyazi ake m'botolo. Mkazi wake akalandira mpamba iye osauzidwa kanthu, mkangano umakula. Abambo sabwera mukawauza kuti kuli kagulu kokambirana za nkhawa, koma amatsegula mtima kwa mwamuna mnzawo pa nsolo, pamoto wa pamaliro kapena pa chigwirizano cha abambo kumpingo. Amayi apampando, funsani ngati bungwelo lingaphunzitseko abambo awiri kapena atatu amene amalemekezedwa m'dera lanu. Ndipo mayi uja akumenyedwa asangouzidwa kuti apirire: ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo a YWCA amathandiza amayi othawa nkhanza.

Kwa anzanga a m'mipingo ndinene kuti pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Wodwala khunyu kapena matenda ena a mutu asauzidwe kuti ataye mapilisi ake pofuna kusonyeza chikhulupiriro, pakuti akagwa pambaula ya moto sitingamubwezere khungu lake. Zipinda zathu za Sande sukulu zimakhala zotseka pakati pa sabata, ndipo ndizo malo abwino okumanirako timagulu timeneti, bola chitseko chikhale chotsegukira ndi a mipingo ina omwe.

Wapampando wa gulu la amayi, Chawama

Zikomo kwambiri asisita, abambo ndi akulu a mpingo. Mayi uja tapita naye kuchipatala, wamuona dokotala, ndipo mlongo wake wabwera kudzakhala naye. Komiti yathu yagwirizana kuti sitipereka buku la mayina, ndipo talembera bungwelo kupempha kuti mabungwe onse awiri abwere pamodzi, a pakiliniki ndi a CWAC alipo. Za abambo tazilembanso.

Chimene chatisiyanitsa m'komiti ndi mawu a akulu a mpingo. Ena akuti amayi onse amene tinawapeza atafooka aja akhale oyamba kulandira mpamba, ena akuti mayi amene akulephera kudzuka sangayendetse malonda. Palinso ngongole zawo za m'gulu zimene zikungobereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, pamene ndalamazo ndi za amayi anzawo amenenso ndi osauka. Asisita, tingasiyanitse bwanji wodandaula ndi wodwala, nanga ngongolezi tichite nazo motani?

Namwino wa matenda a maganizo, Matero

Amayi apampando, mwachita bwino kufulumira naye, ndipo muonetsetse kuti tsiku limene amuuza kuti abwerenso asaliphonye, chifukwa masabata oyamba ndiwo ofunika kuyang'anitsitsa.

Akulu a mpingo anena zoona kuti njala si matenda, ndipo palibe mlangizi amene angaichotse ndi mawu. Kusiyana kwake timakuona motere. Wodandaula ndi lendi akapeza ndalama amapepukidwa, amadya, amaseka ndi ana, nabwerera ku thebulo lake. Wodwala matenda okhumudwa amakhala wolemedwa pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Zimene ankazikonda, monga kwaya kapena kucheza ndi anzake, sizimukomanso. Kudya ndi kugona zimasokonezeka, amadziona wachabechabe, ndipo ngakhale ndalama ibwere kulemedwako sikuchoka. Inu simukuyenera kugamula nokha kuti uyu ndi wodwala. Mukaona zizindikirozi, mumutumize kwa mlangizi wophunzitsidwa kapena kukiliniki.

Kwa mayi wotereyu ngongole yatsopano ndi katundu wina, chifukwa akalephera kubweza amadziimba mlandu koposa kale, ndipo ena ndi pamene amathamangira kwa a kaloba. Choyamba alandire thandizo losabweza, monga ufa, lendi ya mwezi umodzi kapena zofunika za ana kusukulu, uku akuyamba uphungu kapena mankhwala. Mpamba wake usungidwe m'dzina lake, adzaulandire akayamba kudzuka ndi kudzisamalira, ndipo masiku oyamba agulitse moyandikana ndi mnzake. Izi mupemphe kuti zilembedwe m'pangano, kuti asadzachotsedwe pamndandanda chifukwa chochedwa.

Za ngongole zakale, magulu ambiri osunga ndalama ali ndi thumba lapadera la matenda ndi maliro. Mubweretse ku msonkhano wa gulu lonse lamulo loti membala amene wadwala, kaya ndi malungo, sitiroko kapena maganizo, chiwongoladzanja chake chiziima kwa nthawi imene mungagwirizane, ndipo ngongole yeniyeniyo azibweza pang'onopang'ono. Lamulolo likhale la matenda onse, kuti pasapezeke mayi woimirira pamaso pa anzake kufotokoza chimene akudwala. Umboni wake auone munthu mmodzi wosankhidwa ndi gulu. Pa za abambo, m'kafukufuku wa CETA uja mwamuna ndi mkazi ankaonedwa aliyense payekha, ndipo chitetezo cha mkazi chinkafunsidwa nthawi zonse, choncho bungwelo likavomera kuphunzitsa abambo, mulifunse ngati lidzatsata dongosolo lomwelo.